Mutu 6: Mchere Umene Unapserera

1. Mabotolo asanu ndi limodzi

Pasukulu yonse ankangomutchula kuti Mafunso, chifukwa mtsikanayu sankalola phunziro kutha asanakweze mkono. Belu likalira, anzake atanyamula kale zikwama, iye ankati, "Madamu, funso limodzi lokha." Ndipo silinkakhala limodzi.

Mnzake wapamtima anali Kambalame, kamtsikana kochepa thupi kokonda kuyimba ngakhale kali pachilango chosesa. Awiriwa anayamba kukhala desiki imodzi ali ku pulayimale, ndipo ukaona mmodzi unkadziwa kuti winayo sali patali.

Pa nthawi yopuma sukulu inkapereka tiyi wopanda shuga, aliyense azionera yekha. Kwa a Kambalame shuga ankapezeka mwa apo ndi apo. Choncho mayi a Mafunso, amene anali telala, ankamanga timapukusi tiwiri ta shuga m'mawa uliwonse, kena ka mwana wawo, kena ka mnzakeyo. Ankamanga m'zidutswa za pepala lakhaki lodulira mapatani a madiresi, lokhala ndi mizere ya choko chabuluu. Anachita zimenezi zaka zitatu osajomba.

Lachinayi lina ophunzira asanu ndi mmodzi a Folomu 3 analowa mu labu kukapikisana. Wopambana mmodzi yekha ndi amene ankakaimira sukulu ku mpikisano waukulu wa sayansi. Mafunso ndi Kambalame onse anali m'gululo.

Madamu a sayansi anaika botolo patsogolo pa aliyense.

"M'botolomo muli zinthu zitatu," anatero. "Mchenga, mchere ndi fumbi la chitsulo. Zangosakanikirana, sizinasanduke chinthu china. Mchenga udakali mchenga, mchere udakali mchere, n'chifukwa chake zingathe kulekanitsidwa. Inu muzingodzifunsa kuti ichi chikusiyana pati ndi chinzake. Chitsulo chimakokedwa ndi maginito, zinazo ayi. Mchere umasungunuka m'madzi, mchenga ayi. Madzi amauma, mchere umatsala. M'botolo lililonse ndaikamo mchere wa magalamu khumi. Amene andibwezere mchere woyera, wouma, woyandikira magalamu khumiwo, ndi amene apite."

Kenako anavula magalasi awo, ndipo aliyense anadziwa kuti tsopano kukubwera chenjezo.

"Chaka chatha mnyamata wina anabwera ndi mchere wakukhitchini m'thumba, kuti wake ukachepa awonjezere. Ankaona ngati wachenjera. Ndinamugwira, anakhala kunyumba masabata awiri, ndipo mu labu muno sanalowemonso. Mayeso a mu labu anamupita. Mukataya pang'ono, vomerani kuti mwataya. Kulephera si mlandu, ndimaphunzitsa olephera tsiku lililonse. Koma wothira chake m'ntchito yanga sindimumvera chisoni, angakhale wanzeru chotani."

2. Tsiku limene Mafunso sanafunse

Mafunso anakulunga maginito m'pepala n'kuyamba kuwayendetsa pamwamba pa zosakanizazo. Fumbi la chitsulo linadumphira pa pepalalo ngati ndevu. Atachotsa maginito, fumbi lonse linagwera m'kambale kake. Mnyamata wina anaiwala kukulunga maginito ake, ndipo anatha nthawi yaitali akupalira chitsulo ndi zikhadabo.

Zotsalazo anazithira m'kapu yagalasi, nawonjezera madzi, natakasa mpaka mchere wonse unasowa. Anapinda pepala losefera, naliika mu fanulo, nayamba kutsanulira pang'onopang'ono. Mchenga unkatsalira pa pepala, madzi amchere n'kumadontha pansi oyera mbee.

Apa ndi pamene chigongono chake chinagunda kapuyo. Timadzi pang'ono tinatayikira patebulo, ndipo onse anaona.

"Mpikisano watayika patebulo," anatero mnyamata wa maginito uja, anthu n'kuseka.

Mafunso anangopukuta patebulopo. Ankadziwa kuti zatayikazo sizikwana ngakhale theka la galamu.

Belu lopuma litalira, aliyense anamata kapepala ka dzina pa kapu yake n'kutuluka. Mu labu munatsala bambo okalamba osamalira zipangizo, amene ana ankawatchula kuti a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi wolira m'chiuno mwawo. Iwo analowa m'kachipinda kakuseri kukatsuka mabotolo.

Pamzere wa tiyi Mafunso anatulutsa timapukusi tiwiri tija, napereka kamodzi kwa mnzake monga mwa masiku onse.

"Ndaiwala kapu yanga ya tiyi mu labu," anatero Kambalame. "Undisungire malo."

Anabwerera patapita kanthawi, kapu ili m'manja. Tiyi wake anamwa mofulumira, osatakasa, nkhope itakwinyika. Mafunso anaona ndithu. Koma mtsikana amene ankafunsa chifukwa chake mvula imanunkhira, tsiku limenelo sanafunse kanthu.

3. Fungo la mu labu

Masiku onse pophunzira ankayanika madzi amchere pawindo masiku awiri. Koma atabwerera anapeza a Makiyi atayatsa timbaula ta sipiriti tisanu ndi kamodzi.

"Madamu, sitiyanika padzuwa?" anafunsa Kambalame ndi kamawu kakang'ono.

"Dzina la wopambana likufunika mawa. Lero tiumitsa pamoto."

Aliyense anatsanulira madzi ake m'kambale kadothi loyera n'kuteleka. Madzi anawira, nthunzi inakwera. M'mbale za anzake munayamba kuoneka mchere woyera m'mphepete, ukuthetheka. M'mbale ya Mafunso madzi anayamba kulimba ngati uchi. Anasanduka achikasu, kenako ofiirira, kenako akuda, ndipo labu yonse inadzaza fungo lokoma la zinthu zopserera.

Madamu anazimitsa motowo okha.

"Mchere supserera chonchi," anatero. "Uyu ndi shuga."

"Madamu, ine sindinathiremo kanthu."

"Ndiye walowamo yekha?"

A Makiyi anali atawerama pa bini ya pakona, akutsatira mzere wa nyerere ndi maso. Nyerere zilibe ntchito ndi mchere, ndipo mu labu munalibe china chozikopa. Anapisa dzanja n'kutulutsa kapepala kofwanyika. Kanali kakhaki, ka mizere ya choko chabuluu. Kalasi yonse inkalidziwa pepalalo, popeza makope onse a Mafunso anali okutidwa ndi lomwelo.

"Pepala ili ndi lakuti?" anafunsa Madamu.

"Lakwathu."

"Wabwera nalo kusukulu ndani?"

"Ine, Madamu."

"Unataya madzi ako tonse tikuona. Ndiye unati uwonjezere choyera chilichonse, sikelo ikukomere?"

Mafunso anatembenuka kuyang'ana Kambalame. Iye Mafunso kapukusi kake anali atathira mu tiyi anthu akuona, pepala lake lidakali m'thumba la siketi. Pepala linalo linali ndi mwini wake mmodzi yekha. Anadikira kuti mnzakeyo anene kanthu, ngakhale kutsokomola kokha. Kambalame anali akuwerenga zingwe za nsapato zake.

Zinamuwawa Mafunso kuposa kukwapulidwa. Koma dzina la mnzakeyo sanalitchule.

Mchere wa Kambalame unakwana magalamu asanu ndi anayi ndi theka, woyera bwino, ndipo anapambana ndi iye. Mafunso anapatsidwa kalata yoitana kholo kwa ahedi m'mawa mwake.

4. Mawu a a Makiyi

Anzake atatuluka, Mafunso anatsala akukwecha kambale kake pa sinki. Shuga wopserera samachoka msanga, ndipo misozi inkamutchinga maso.

A Makiyi anakhala pampando wautali, makiyi awo n'kulira.

"Mwana wanga, ndatsuka mabotolo muno zaka makumi awiri ndi zisanu. Sindinapite patali ndi sukulu, koma zosakaniza ndikuzidziwa. Pali zina zoonekera, monga miyala m'nyemba. Zimenezo umangotola ndi dzanja. Pali zina monga matope m'madzi. Ukawasiya adikhe, matope amapita pansi okha, iwe n'kutsanula madzi abwino. Pali zina monga mkaka, zosadikha ngakhale udikire tsiku lonse. Koma zovuta kwambiri ndi zimene zimasungunukiratu. Madzi amaoneka oyera, ukawasefa amadutsa onse, ndipo palibe angadziwe kuti muli kanthu mpaka moto utayaka. Shuga ndi mchere zikalowa m'madzi amodzi, pepala losefera silingakuthandize, chifukwa zonse zimadutsa limodzi."

"Ndiye sizingalekanitsidwe?" anafunsa Mafunso, ngakhale ali m'misozi.

"Zingatheke, koma n'zovuta. Zikakhala zouma umathira sipiriti. Shuga amasungunuka pang'onopang'ono mu sipiriti, mchere umatsala pansi. Koma zikapserera ngati zakozi, palibenso chobweza."

Kenako anapitiriza.

"Ine pa nthawi yopuma ndinali kuseri. Ndinamva mapazi, koma munthu sindinamuone, ndipo sindinganene zimene sindinaone. Chimene ndaona ndi nkhope yako pamene pepala lija limatuluka m'bini. Sinali nkhope ya munthu wogwidwa. Inali ya munthu amene wazindikira china chake. Tsono mvera. Ukakhala chete, dzina lako ndi mlandu wa munthu wina zisungunukira pamodzi, ndipo palibe amene adzazilekanitse. Lero anthu akukayikabe. Pofika sabata yamawa adzakhala atazolowera kunena kuti Mafunso ndi wachinyengo, ndipo iwe udzakula nalo dzinalo. Sindikuti uneneze munthu. Ndikuti nthawi yolekanitsa zinthu imatha."

5. Kuseri kwa thanki ya madzi

Kambalame ankamudikira kuseri kwa thanki ya madzi, pafupi ndi geti. Anali atalira kale, maso ali psuu.

"Mnzanga, undimvetse," anayamba.

"Ndikumva."

"Sindinkafuna kuti zifike apa. Ndimaganiza kuti tiyanika padzuwa ngati kale. Bwenzi zitauma zoyera, magalamu ako n'kupitirira pang'ono, basi. Ukanangokhala wachiwiri. Zoti shuga amapserera sindinaziganizire."

"Madamu anatiphunzitsa teremu yatha. Iwe unkajambula maluwa m'kope langa."

Kambalame anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Iwe umapambana chilichonse. Bambo anga tsiku lililonse amati, bwanji sukhala ngati mwana wa atelala? Anandiuza kuti teremu ino ndikapanda kubweretsa chooneka, sukulu ndiisiye, ndizikakhala mushopu mwawo. Ukuwadziwa bambo anga, sabwereza mawu. Iwe udzapita chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzalowera khomo liti? Labu anditsekera."

"Madamu amakukonda, akhululuka. Koma ine akamva kunyumba, kwanga kwatha."

Mafunso anamuyang'ana nthawi yaitali. Uyu ndi munthu amene ankagawana naye ambulera, amene iye Mafunso anamuphunzitsa kupinda pepala losefera dzulo lomweli mpaka atadziwa.

"Ukanandipempha," anatero. "Ukanangoti, Mafunso, ndisiyire kano. Mwina ndikanakwiya, mwina ndikanalola. Koma watenga shuga wa amayi anga, amene amakumangira m'mawa asanamwe n'komwe tiyi wawo, n'kundipha naye. Ndiye unaima pomwepo ukundiona ndikuvomera kuti pepala ndi lakwathu."

"Chonde, usanene. Ndikugwira mwendo."

"Ine sindinena lero. Mawa belu loyamba lisanalire, upite wekha kwa Madamu. Ukanena wekha adzakumvera chisoni kusiyana ndi kumva kwa ine. Ndidzakuperekeza ngati ukuopa."

"Nanga ndikapanda kupita?"

Mafunso ananyamula chikwama, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera ku pulayimale anayenda yekha msewu wopita kwawo.

6. Pa makina osokera

Anapeza mayi ake akutola mapini pansi ndi maginito awo akale, pakati pa tizidutswa ta nsalu ndi ulusi. Anawapatsa kalata ija. Mayiwo anawerenga kawiri, nakhala pampando wa makina.

"Fotokoza," anatero.

Mafunso anafotokoza zonse, kuyambira pa mabotolo mpaka pa thanki ya madzi. Atafika pa pepala lakhaki, mayi ake anayang'ana mulu wa mapatani pa tebulo.

"Mwana amene uja ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba," anatero potsiriza. "Zandiwawa, sindikubisira. Koma tamvera, mwanawe. Mawa nditseka pano, ndisiya diresi la mwini wake lili theka, ndipita nawe. Koma pakamwa ndi pako. Ine sindinali mu labu, ndipo ndikayamba kulankhula adzati kholo lililonse limaikira kumbuyo mwana wake."

Anaika maginito aja pa makina.

"Ndili mtsikana ndinkaphunzira kusoka kwa mayi wina, tinalipo awiri. Mnzangayo anadula molakwika nsalu ya kasitomala, ine ndikuona. Mayiwo atafunsa, ndinakhala chete kuti ndimuteteze, ndipo anachotsa ine. Ndinkaganiza kuti mnzangayo adzandithokoza. Tikakumana mumsewu ankadutsa mbali ina, chifukwa nkhope yanga inkamukumbutsa zimene anachita. Ntchito ndinataya, mnzanga ndinatayanso. Ndipo iye sanasiye. Patapita miyezi anawononganso ina, nanamizira wina. Kukhala chete kwanga sikunamuthandize, kunangomuphunzitsa kuti zimatheka. Ukamumvera chisoni mnzakoyo, mvera, ndi chinthu chabwino. Ukapemphe ahedi kuti alankhule ndi bambo ake asamusiyitse sukulu, ine ndidzathandizapo. Koma usasenze bodza lake n'kumati ndi chikondi."

"Nanga akamusiyitsadi?"

"Zidzakuwawa, ndipo anthu ena adzakunena. Sindikulonjeza kuti zikhala zokoma."

M'mawa mwake Mafunso anapeza timapukusi tiwiri patebulo. Manja a mayi ake anali atamanga mwachizolowezi, mutu usanakumbuke. Ataona mwana wawo akuyang'ana, anafuna kuchotsa kamodzi.

"Kasiyeni, amayi," anatero Mafunso, naika tonse tiwiri m'thumba.

7. Mu ofesi ya ahedi

Anafika molawirira ndipo anaima pakhomo la labu, pamene Madamu ankadutsa m'mawa uliwonse. Mafunso ankayang'ana ku geti. Analowa a Folomu 1 akuthamanga, analowa aphunzitsi, analowa wogulitsa mabanzi. Mumtima ankapempha kuti aone kamtsikana kochepa thupi kakubwera kokha.

Belu loyamba linalira.

Atalowa mu ofesi ya ahedi ndi mayi ake, anapeza Kambalame ali kale momwemo. Anali atalowera geti lakumbuyo. Pambali pake panali bambo ake, atavala jekete, cholembera chili m'manja. Anabwera kudzasaina chikalata chololeza mwana wawo kupita ku mpikisano. Madamu anaima pafupi ndi windo.

"Aa, atelala," anatero bambowo mosangalala. "Mwamva zimene wachita mwana wangayu? Wayamba kundichotsa manyazi. Wanuyo pepani, ana amalakwitsa. Mumulangize bwino."

Mayi a Mafunso anangoyankha moni n'kukhala pansi.

"Tithane kaye ndi bambowa," anatero ahedi, "kenako tikambe za chinyengo cha dzulo."

Mafunso anayang'ana mnzake komaliza. Kambalame anapukusa mutu pang'ono, maso akupempha. Yunifolomu yake inali yositidwa bwino, ndipo tsitsi anali atapesa ngati wopita kukajambulitsa.

Mafunso anapisa m'thumba. Anatulutsa kapukusi kakhaki ka mizere yabuluu, natambasula dzanja monga ankachitira pamzere wa tiyi.

"Kambalame, shuga wako wa lero."

Zaka zitatu si masewera. Dzanja la Kambalame linanyamuka lokha, zala zitatseguka, mpaka linakhudza pepalalo. Pamenepo ndi pamene mwini dzanja anakumbuka. Analibweza msanga n'kulibisa kumbuyo, koma onse anali ataona.

Madamu anachoka pawindo pang'onopang'ono.

"Mafunso, umamupatsa shuga tsiku lililonse?"

"Inde, Madamu. Amayi amamanga tiwiri."

"Dzulo unamupatsa?"



"Ndinamupatsa pamzere wa tiyi. Atalandira anati waiwala kapu mu labu. Pepala la kanga ili, ndinalisunga."

Analiika patebulo la ahedi, pafupi ndi chikalata chija. Sanamve kupepuka kumene ankayembekezera. Anangomva chisoni ndi kutopa.

Bambo a Kambalame anayang'ana pepalalo, nayang'ana Madamu, kenako mwana wawo. Dzina lawo linali litalembedwa theka pachikalatacho. Anatseka cholembera, nachibwezera m'thumba la jekete.

"Ahedi," anatero ndi mawu otsika, "mundipatse makope a mwanayu onse. Ndikupita naye."

Kambalame anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Ndipo Mafunso, amene dzina lake linali litangoyera kumene, anapezeka atakweza mkono.

"Ahedi," anatero, "funso limodzi lokha."